Mwana wanu sanalowerere, akufunafuna kuti iye ndani

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wake wamkazi wazaka 17 wasintha anzake, wasintha kavalidwe, ndipo za unamwino zomwe ankazilakalaka kuyambira ali wamng'ono sakufunanso kuzimva. Akufunsa ngati mwanayo walowerera.

Mayi, funso lanu landikhudza chifukwa makolo ambiri amalanga mwana pa chinthu chimene msinkhu wake ukufuna. Erik Erikson, katswiri wa zamaganizo yemwe anabadwira ku Germany mu 1902, anagawa moyo wa munthu m'magawo 8, lililonse ndi nkhondo yake. Khanda limaphunzira ngati kuli wobwera likalira. Wazaka ziwiri amakankha dzanja lanu kuti supuni agwire yekha, phala likutayikira pachifuwa. Akayamba sukulu amafuna aone kuti pali chomwe amachitha. Kuyambira zaka 12 mpaka cha m'ma 18, funso limakhala loti "kodi ine ndine ndani?" Wanuyo ali pamenepo, ndipo zakazi si lamulo, ena amafika nalo m'ma 20.

Mu 1966 katswiri wina wa zamaganizo, James Marcia, anaunika zinthu ziwiri mwa achinyamata: kodi anafufuza zimene akufuna pa moyo wawo, nanga anasankha? Alipo amene akufufuza koma sanasankhe, monga wanuyu. Ena anafufuza n'kusankha. Ena sakuchita chilichonse, akungoyendera anzawo. Ndiye pali gulu lomwe makolo amaliyamikira kwambiri, ana amene anangolandira zimene bambo ndi mayi anawasankhira osafunsa kanthu. Ine amene amandidetsa nkhawa ndi amenewa. Funso lomwe munthu sanadzifunse ali ndi zaka 17 silifa ayi. Limatha kumupeza ali pabanja, ali ndi ana, akugwira ntchito imene sanaifunepo. Pajatu gawo lotsatira kwa Erikson ndi lomanga ubwenzi wozama, ndipo wosadzidziwa amavutika: mwina amathawa chikondi, mwina amangosungunukira m'zofuna za mnzakeyo.

Ndiye mutani?

Za tsitsi ndi zovala zisiyeni. Limbani pa nthawi yofikira pakhomo, mowa ndi sukulu. Mufunseni chomwe chamuchotsa mtima pa unamwino, mumumvere osamudula pakamwa, kenako mumupezere anthu awiri kapena atatu ogwira ntchito zimene akuziganizira kuti acheze nawo. Koma akakhala wokhumudwa milungu iwiri yathunthu, osadya bwino, osagona, osafuna kuona anthu, imeneyo si nkhani ya msinkhu, mupite naye kuchipatala. Akatchula zodzipha, mupite tsiku lomwelo.