Musathire konkire pamwamba pa mapaipi akale

Mayi wina wandilembera imelo. Akukonzanso dziwe losambiramo lakale lomwe analipeza panyumba imene anagula, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kukumba mapaipi onse apansi, poti mmisiri wawauza kuti akadali bwino. Mayi, funso lanuli landigunda pachilonda.

Inenso ndinauzidwa mawu omwewo. Dziwe lathu tinalipaka mkati, tinaika matailosi m'mphepete, n'kuthira konkire yatsopano kuzungulira konse. Mapaipi tinawasiya. Patangotha miyezi itatu madzi anayamba kutsika, ine n'kumati ndi dzuwa. Kenako ndinaika ndowa ya madzi pa sitepe ya dziwe, n'kulemba mzere m'ndowamo ndi wina pakhoma. Kutacha, a m'ndowa anali atangotsika pang'ono, koma a m'dziwe atausiya mzere kutali. Dzuwa silingamwe a m'dziwe n'kusiya a m'ndowa. Pampu nayo inali itayamba kukoka mpweya, thovu lili phuliphuli pamabowo obwezera madzi.

Tsiku lomwe tinaswa konkire yatsopano ija mtima unandiwawa kwambiri. Pansipo tinapeza paipi yakuda ya pulasitiki, yolumikizidwa ndi timalamba tachitsulo tomwe dzimbiri linali litatha kudya. Chigawo china munthu wina anachigamba kalekale ndi paipi yofewa ya PVC, ndipo chiswe chinali chitaiboola ngati sefa. Ambiri amanditsutsa ndikanena zachiswezi, koma ndinaigwira ndi manja angawa. Mizu ya mtengo nayo inatsata chinyezi n'kukulunga malo onse othonya. Maiwe ena akale kwambiri ali ndi mapaipi a kopa. Madzi akachuluka asidi amadya kopayo pang'onopang'ono, ndipo makoma amachita mawanga obiriwira.

N'chifukwa chake mawu oti "akadali bwino" sindiwalandiranso. Mmisiri amene sanatseke mapaipi n'kuwayesa ndi presha (kupoperamo madzi kapena mpweya kuti aone ngati akuthonya) sakudziwa zomwe zili pansipo, akungolota. Ndipo ngakhale atayesa, paipi ya zaka 40 ikhoza kupirira lero, n'kudzang'ambika makina okumbira akangogwedeza nthaka. Chodula pantchitoyi si paipi ayi. Chodula n'kukumba, kuswa ndi kuthiranso konkire. Ngati mukuswa kale, mukusiyiranji zowola m'dzenjemo?

Pali chinanso chomwe chimandisowetsa mtendere kuposa kutayika kwa madzi. Maiwe akale ambiri ali ndi chibowo chimodzi chokha pansi, chokokera madzi kupita ku pampu. Munthu akachitseka ndi thupi, chimamugwira mwamphamvu moti sangadzichotse. Mu 2002 ku America mtsikana wa zaka 7, Virginia Graeme Baker, anamwalira atakanirira pa chibowo chotere m'bafa losambiramo la madzi otentha, ndipo mu 2007 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake. Masiku ano amaika zibowo ziwiri zolumikizana, zotalikirana pafupifupi masentimita 90, zokhala ndi zivundikiro zoyenera. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kuswa pansi pa dziwe, choncho nthawi yake ndi ino, musanapake. Ngati panyumbapo pamabwera ana, apa musanyengerere munthu.

Zoti muchite

Sinthani onse, mayi. Gulani PVC yolimba, yokhuthala, yotchedwa Schedule 40, osati yofewa ija, ndipo ngati akalewo anali a inchi imodzi ndi theka, ikani a mainchi awiri kuti pampu isamavutike. Skimmer yakale, bokosi lapakhoma lija lokokera madzi apamwamba ndi zinyalala zoyandama, muichotsenso, chifukwa imakonda kuthonya pomwe yakumana ndi khoma. Mapaipi agone pamchenga, osati pamiyala. Dziwe musalipope nthaka ikadali yodzaza madzi, chifukwa lopanda kanthu limatha kukankhidwa kuchokera pansi n'kutukuka. Mmisiri ayese presha inu muli pompo, geji yoyezera preshayo ikhale osatsika, ndiye akwirire. Asanathire dothi, jambulani ngalande iliyonse ndi foni, tepi yoyezera ili pambali, zithunzizo muzisunge.