Banja likamatha, loya amafunika pati?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera pa imelo. Akuti analowa m'banja pachinkhoswe zaka 12 zapitazo, ana alipo atatu, ndipo ankhoswe akamba mpaka atopa. Bambo akuti nyumba ndi yawo poti poloti ili m'dzina lawo, chonsecho malata ndi simenti zinachokera m'geni ya kaunjika ya mayiwa. Akufunsa: "Ndipeze loya kapena ndingopita ndekha kukhoti?"

Mayi, kuthetsa ukwati kokhako sikulira loya. Ukwati wa pachinkhoswe umatha kubwalo la majisitireti, ndipo ambiri amakadziyankhulira okha, ankhoswe n'kuperekera umboni. Lamulo la maukwati la 2015 limauona ukwati wanuwo ngati ukwati weniweni, chimodzimodzi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Wina asakunamizeni kuti poti mulibe mphete ndiye mulibenso mawu.

Koma pa nyumbapo, pezani loya. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo. Mkangano umagona pa mawu akuti "wa awiriwo". Bambo adzanyamula pepala la poloti, inu mudzanyamula chiyani? Ntchito ya loya ndi imeneyo: kusandutsa thukuta lanu kukhala umboni. Adzakufunsani malisiti a kuhadiweya, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, buku la banki m'khonde, ngakhale mmisiri amene munkamulipira pamanja. Angathenso kupempha khoti kuti liletse bambo kugulitsa nyumbayo mlandu usanathe. Yambani kusonkhanitsa zimenezi lero, ndipo mukazisunge kwa achemwali anu, osati pansi pa matiresi.

Dziwaninso kuti loya si nkhoswe. Sabwera kudzakuyanjanitsani kapena kudzakalipira amuna anu. Mukamuuza, muuzeni zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe, asakazimvere koyamba pakamwa pa bambo m'khoti.

Za ana, khoti limayang'ana ubwino wa anawo, ndipo lamulo la 2010 losamalira ana limakakamiza makolo onse awiri kupereka chithandizo, kaya ana akukhala ndi ndani.

Ndalama ndiye nkhani, ndikudziwa. Maloya apadera ndi okwera mtengo, choncho gwirizanani malipiro polemba musanayambe. Ngati thumba silikulola, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya; ofesi yawo ilipo mu Lilongwe momwe muno. Anthu amachuluka, choncho lawirirani, mapepala anu ali m'manja.