Mafunso a Awerengi: Boti Lagunda Pampu Yathu Usiku, Tilidziwa Bwanji?

FUNSO: Zikomo bambo. Ine ndine mlembi wa kasikimu ka ulimi wothirira kuno kutsidya kwa Shire, chakufupi ndi Makhanga. Tinasonkherana ndalama n'kugula pampu ya sola, ndipo tinayikhazika pa thandala loyandama pa migolo inayi m'mbali mwa mtsinje. Mwezi watha tinapeza m'mawa mgolo umodzi utaphwanyika, paipi itathyoka, pampu ili m'madzi. Maboti a injini amene amadutsa pano timawadziwa onse, koma aliyense akuti si iye. Mwana wanga wa kusukulu ku Blantyre akuti kunyanja zikuluzikulu kuli zipangizo zodziwira sitima imene yagunda chinthu n'kuthawa. Kodi n'zoona? Nanga ife tingazipeze? — Mlembi wa sikimu, Nsanje

YANKHO: Pepani kwambiri, bambo mlembi. Kuno kuchigwa pampu ikaima dzuwa likuswa mtengo, chimanga cha kudimba sichidikira kuti mlandu uyambe watha. Ndikudziwa mmene mitima yanu ikuwawira.

Mwana wanu sananame. Zipangizozo zilipo, ndipo zinapangidwa chifukwa cha vuto ngati lanu lomweli. Panjira zolowera m'madoko amaika zizindikiro zoyandama, zimene amalinyero amati buoy. Ndi chitsulo chachikulu chomangidwa ndi tcheni ku chimwala cha simenti pansi pa nyanja, pamwamba pake pali nyali yothwanima. Sitima yaikulu ikachigunda usiku, amene ali pachiwongolero mwina samva n'komwe, kapena amamva koma n'kungopitirira chifukwa akuopa kulipira. Nyali ikazima, sitima yobwera pambuyo ikhoza kukakwera pamchenga kapena pamwala. N'chifukwa chake eni madoko salekerera nkhani imeneyi.

Chipangizo chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi cha ku Japan, chifukwa nzeru yake ngakhale mwana akhoza kuimva. Pa buoy amamangirirapo kachipangizo kokhala ndi penti. Sitima ikagunda, pentiyo amafayikira m'nthiti mwa sitimayo, ndipo imapita naye kulikonse kumene ikupita. Ofufuza akafika padoko amangoyendera sitima zimene zalowa, kuyang'ana imene yadetsedwa. Amene anaonapo mbuzi yolowa m'munda ikubwera ndi chisoso m'miyendo amvetsa msanga.

Masiku ano anawonjezerapo zamagetsi. M'kati mwa buoy amaikamo kachipangizo komva kugwedezeka, kofanana ndi kamene kali mufoni yanu, kaja kamachititsa kuti chithunzi chitembenuke mukapendeketsa foni. Kamasiyanitsa kugwedezeka kwa mafunde ndi kugundidwa kwadzidzidzi. Kakamva kugunda kamalemba nthawi yake, ola ndi mphindi, n'kutumiza uthenga kumtunda. Pa ma buoy ena kamadzutsanso kamera kuti ijambule. Palinso GPS yonena ngati chizindikirocho chakokedwa kuchoka pamalo pake.

Koma kudziwa nthawi kokha sikugwira munthu. Pamafunikanso kudziwa amene anali pamalopo nthawi imeneyo, ndipo ntchito imeneyi ndi ya AIS. Ndi wailesi imene sitima imadzilengezera yokha osapumira: dzina lake, pamene ili, kumene yalunjika ndi liwiro lake. Ikamayenda imalengeza pa masekondi 2 mpaka 10 alionse, ikaponya nangula pa mphindi 3 zilizonse. Sitima iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala 9 yotchedwa MMSI, ndipo manambala atatu oyamba amanena dziko: Malawi ndi 655, Mozambique ndi 650. Bungwe loona za maulendo apanyanja padziko lonse la IMO linalamula kuti pofika kumapeto kwa 2004 sitima za matani 300 kapena kuposa zoyenda pakati pa mayiko zikhale nayo wailesi imeneyi. Muuzeni mwana wanuyo atsegule tsamba la MarineTraffic pa intaneti akuonetseni doko la Beira kapena Nacala, muona tisitima tambirimbiri pamapu, kalikonse ndi dzina lake. Ndiye ngati buoy yanena kuti yagundidwa 2 koloko usiku, ofufuza amangobwerera m'kaundula wa AIS kuona sitima imene inadutsa pomwepo 2 koloko.

Wailesi imeneyi munthu wa mtima wokhota akhoza kuizimitsa, choncho umboni wogwirika ndi manja sunathe ntchito. Mu October 2023 paipi ya gasi ya Balticconnector, yodutsa pansi pa nyanja pakati pa Finland ndi Estonia, inapezeka itawonongeka. AIS inaonetsa kuti sitima ya Newnew Polar Bear, yolembetsedwa ku Hong Kong, inadutsa pamalopo nthawi imeneyo. Koma chimene chinalimbitsa nkhani ndi chakuti ofufuza a ku Finland anapeza mkukuluzi pansi pa nyanja pamene chinthu cholemera chinakwekwerezeka, anavuula nangula wothyoka pafupi ndi paipiyo, ndipo sitimayo inaoneka ilibe nangula mmodzi.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Ndikuuzeni mosabisa: AIS sikuthandizani. Maboti athu owolotsa anthu, njinga ndi matumba a chimanga alibe wailesi imeneyi, ndipo mabwato a asodzi a mlamba ndi makakana ndiye sitingatchule n'komwe. Chiyambire pamene madzi osefukira a 1997 anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Makhanga, boti ndilo lakhala mlatho wa anthu a kumeneko, ndipo lina limayenda mdima usanathe chifukwa wodwala kapena mayi woyembekezera sasankha nthawi. Chimene mungatengeko kwa anzathu a kunyanjawo ndi kaganizidwe kawo. Iwo amafuna nthawi, amafuna amene analipo, amafuna chipsera. Zonsezi mukhoza kuzipeza ndi ndalama zochepa.

Musanaloze munthu chala, pitani mukaunike mgolo wophwanyikawo ngati simunautaye. Ine ndinagwirako ntchito m'maboti kunyanja zaka zambiri ndisanabwerere kumudzi kuno, ndipo ndinaphunzira kuti chitsulo chimalankhula. Tsiku lina tinapeza chizindikiro cha pakhomo la doko chitapendekeka, nyali itasweka. Mkulu amene ankatiyang'anira sanafunse munthu aliyense. Anangogwada m'boti, n'kupala ndi kampeni pamene panaphwanyikapo, n'kutionetsa timakoko ta penti pachikhatho: pamwamba wabuluu, pansi pake wofiira. Boti lopakidwa buluu pamwamba pa penti wakale wofiira linalipo limodzi lokha padokopo, ndipo kumphuno kwake kunali chipsera chatsopano, msinkhu wake wofanana ndendende ndi pamene chizindikiro chinapindikira. Mwiniwake atangoona kampeniko anavomera yekha.

Ndiye inu yang'anani ngati pamgolopo pali penti wachilendo, ndipo mumupalire m'kapepala koyera n'kusunga. Yezani ndi chingwe kutalika kwa chipseracho kuchokera pamene madzi amalekezera. Yang'ananinso chingwe chimene munamangira thandala. Chodulidwa ndi pulopela chimaduka mosalala, nthawi zina pawiri kapena patatu motsatizana, pamene choduka chifukwa cholemedwa chimanyenyeka ngati ndevu za chimanga. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa m'Shire si boti lokha limene limagunda zinthu. Mvuu ikamatuluka kukadya usiku ikhoza kupidigula thandala lonse. Chigumukire cha namasupuni ndi bango chikamatsika, kapena chipika chobwera ndi mtsinje wa Ruo, chimakoka chilichonse chimene chakola. Mukapeza kuti palibe penti, palibe podulidwa, koma m'zingwe mwadzaza namasupuni, ndiye kuti eni maboti aja akunena zoona, ndipo n'zopweteka kudana ndi mnansi amene mawa adzakuwolotsereni mwana wodwala.

Za m'tsogolo, yambani ndi kuonetsa pampu yanuyo. Funso loyamba limene mfumu kapena wapolisi adzakufunseni ndi lakuti, kodi panali chizindikiro chilichonse choti woyendetsa boti aone mumdima? Kanyali ka sola kaja timaika pakhonde, mukakamangirira pamtengo wa nsungwi pamwamba pa thandala, kakwanira. Migolo muipake penti wachikasu, chifukwa ngakhale kunyanja chikasu ndicho chimasonyeza malo a mapaipi ndi zinthu zina zapadera, ndipo mumatepo timapepala tonyezimira timene amamata kumbuyo kwa malole. Chakumtunda kwa thandala, kumene madzi akuchokera, yandamitsani zigubu ziwiri kapena zitatu kuti munthu azipatuka asanafike.

Kenako tengani nzeru ya ku Japan ija. Zungulizani thandala ndi matayala akale, amene adzatetezenso migolo, ndipo kunja kwa matayalawo muzipaka penti wamafuta wokhuthala, wa mtundu umene palibe boti la kwanuko lili nawo. Boti likakhula pamenepo litengako. Muziwonjezera penti akafufuka. Oyilo wakutha wa injini musamugwiritse ntchito, chifukwa madzi omwewo ndi amene mukumwa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Sikimu ikadzapezako kangachepe, mudzagule kamera ya mabatire ngati imene osamalira nyama zakutchire amamangirira pamitengo. Imajambula ngakhale mumdima ndipo imalemba tsiku ndi nthawi pachithunzi. Muimange kumtunda, pamtengo wolimba, moyang'ana thandala. Idzajambulanso zambiri zopanda ntchito, monga mbalame ndi ng'ombe zodzamwa madzi, koma tsiku la ngozi mudzaithokoza.

Chimene chingalowe m'malo mwa AIS kwanuko ndi kope ndi cholembera. Khalani pansi ndi a mfumu, komiti ya padoko ndi eni maboti, mugwirizane kuti boti lililonse lilembedwe nambala yaikulu mbali zonse ziwiri, ndipo loyenda usiku lizilembedwa m'kope: lanyamuka nthawi yanji, woyendetsa ndani, likupita kuti. Eni maboti musawafikire ngati akuba. Auzeni kuti kope lomwelo lidzawayeretsa tsiku limene adzanamiziridwe, ndipo ndi lomwe lidzanene anthu amene anakwera boti likadzachita ngozi. Zolembetsa maboti ndi ziphaso za oyendetsa zili m'manja mwa Marine Department, nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi, pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995, choncho nkhani ikakanika kwa a mfumu, kumeneko ndi kupolisi n'kumene mungapite ndi timakoko ta penti tija.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wanga wonse, poti ndamvapo anthu okwiya akuchilankhula. Musatchere waya, misomali kapena zitsulo zosongoka pansi pa madzi kuti wogundayo akhaule. Boti likabooka pakati pa usiku m'Shire, momwe muli ng'ona, amene amira ndi amayi ndi ana amene sanalakwe kanthu. Pampu mudzagula ina.

FUNSO: Ndine mtsikana wa Fomu 4 pa Nsanje boma. Tsiku lililonse ndimadutsa padoko la sitima la Nsanje lija. Kodi sitima zitayamba kubwera, zipangizo zoterezi zingafunike m'Shire? — Wophunzira, Nsanje

YANKHO: Zingafunike kwambiri, mwanangu. Doko limenelo linatsegulidwa mu October 2010 ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Bingu wa Mutharika, ndipo cholinga chinali chakuti katundu azitsika ndi Shire, kulowa m'Zambezi mpaka kukafika kunyanja yaikulu ku Chinde, m'dziko la Mozambique, mtunda wa makilomita 238. Chombo choyamba sichinafike tsiku limenelo chifukwa chinaimitsidwa ku Mozambique, ndipo ulendowo sunayambe mpaka lero.

Utati wayamba, njira yonse ingafunike zizindikiro. Maiko a mu Africa amatsata dongosolo lakuti sitima ikamachokera kunyanja kulowa kumtunda, zofiira zimakhala kumanzere, zobiriwira kumanja. Vuto la mtsinje wathu ndi lakuti sukhala malo amodzi. Iwe wemwe unaona mmene namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anasinthira magombe, pamene panali pakuya n'kusanduka mchenga. Chizindikiro choikidwa chaka chino chikhoza kusocheretsa sitima chaka chamawa. Pa chifukwa chimenechi madoko ena amagwiritsanso ntchito zizindikiro zimene m'madzi mulibe n'komwe: wailesi ya AIS ya kumtunda imangoulutsa kuti pakutipakuti pali chizindikiro, ndipo chimaoneka pa sikirini ya woyendetsa sitima. Choterocho palibe angachigunde, ndipo mchenga ukasuntha amachisuntha pa kompyuta tsiku lomwelo. Koma msodzi wa nkhafi sachiona, ndiye m'Shire zofiira ndi zobiriwira zenizeni zidzafunikabe, pamodzi ndi anthu oyeza kuya kwa madzi chaka ndi chaka. Ngati ntchito zoterezi zimakusangalatsa, limbikira masamu ndi Physics, ndipo ukafunse za sukulu ya zapamadzi ya Marine Training College ku Monkey Bay.