Funsani dokotala: Bambo anga asiya mapiritsi a BP, akuti amawatha mphamvu

Adokotala, bambo anga a zaka 61 ndi asodzi kuno ku Makanjira. Mwezi watha anawapeza ndi BP 172/104 ndipo anawapatsa mapiritsi a HCTZ. Anangomwa sabata imodzi n'kusiya. Akuti munthu wamkulu magazi ake amayenera kuthamanga kuti akhale ndi mphamvu zokoka khoka. Mutu ukawawa amagula Brufen pagolosale. Kodi ndiwakakamize? — Mwana wawo wamkazi, Makanjira

Mayi, m'kalata yanu ndikumvamo mantha awiri: kuti tsiku lina mudzawapeza atagwa mbali imodzi itafa, komanso kuti mukalimbikira muoneka amwano kwa kholo. Musawakakamize ndi ukali ayi, koma musakhalenso chete.

Zimene bambo akunenazi madokotala enieni ankazikhulupirira. Ankaphunzitsa kuti mitsempha ya munthu wokalamba imauma, choncho magazi ayenera kukankhidwa mwamphamvu kuti afike ku ubongo ndi ku impso, ndipo kutsitsa BP n'kumupweteka wodwala. Pulezidenti wa America Franklin Roosevelt anamwalira ndi sitiroko mu 1945, BP yake itafika 300/190.

Amene anagwetsa chikhulupirirochi ndi Dr Edward Freis, wa pachipatala cha asilikali opuma ku Washington. Iye sanakangane ndi pakamwa. Anatsogolera kafukufuku wa amuna 143 amene nambala yapansi ya BP yawo inali pakati pa 115 ndi 129. Amuna 73 anapatsidwa mankhwala enieni, kuphatikizapo HCTZ yemweyu, ndipo 70 anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 1967: mwa 70 aja, 27 anagwidwa ndi mavuto aakulu monga sitiroko, kufooka kwa mtima ndi kuwonongeka kwa impso, ndipo anayi anamwalira. Mwa omwa mankhwala, awiri okha ndiwo anapeza vuto. Mu 1970 anaonetsanso pa amuna 380 kuti ngakhale a nambala yapansi ya 90 mpaka 114 amapindula ndi mankhwala, ndipo bambo anu ndi 104 yawoyo ali m'gulu limeneli. Freis analandira mphoto ya Lasker, ya kafukufuku wa zachipatala, mu 1971, ndipo piritsi limene bambo asiyali lafika ku Makanjira chifukwa cha ntchito imeneyo.

Mphamvu zokokera khoka zili m'minofu. BP yokwera imangotopetsa mtima, ngati injini ya bwato imene ikulimbana ndi mwera tsiku lonse osapuma, ndipo nthawi zambiri munthu samva kalikonse mpaka mtsempha utaphulika.

Komabe kufooka kumene bambo akunena musakutsutse. HCTZ imakodzetsa. Msodzi wotuluka thukuta padzuwa la Mangochi, osamwa madzi okwanira, angathedi kumva chizungulire kapena kukokana kwa minofu. Cholakwika n'choti anasiya mwakachetechete, mwezi wathunthu n'kudutsa. Za Brufen ndiye zandidandaulitsa: iyeyu ndi mankhwala anzake ochepetsa ululu monga diclofenac ndi Indocid amakweza BP ndi kuvulaza impso. Brufen asiye lero. Mutu ukawawa amwe Panado.

Sabata ino apite nanu kuchipatala cha pafupi, buku lawo lakuchipatala ndi mapiritsi otsala zili m'manja. Asasute fodya kapena kumwa tiyi kwa mphindi 30 asanayezedwe, ayambe ataya madzi, akhale pampando mphindi 5 atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Afotokoze mosabisa chimene anasiyira. Adokotala angathe kuchepetsa mlingo kapena kuwasinthira ku amlodipine, amene amayambira pa 5 mg kamodzi patsiku ndipo ena amawatupitsa mapazi. Akabwerera pa HCTZ azimwa m'mawa kuti asamadzuke usiku. Pemphaninso kuti awayeze shuga ndi mkodzo. Cholinga n'kutsika pansi pa 140/90, ndipo ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, si nthawi yosiya.

Kunyumba, mchere usapose magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera wa m'ndiwo zonse. Nsomba youma yothira mchere muziiviika kaye n'kutaya madziwo, ndipo soda wa m'therere muchepetse.

Mukaona pakamwa papotoka, mkono wafooka, mawu akukokeka, kapena chifuwa chikuwawa ndi kupuma mobanika, musadikire kuche ndipo musayambe ndi kuwatema mphini. Pezani galimoto nthawi yomweyo, apite kuchipatala kuti akawatumize ku Mangochi District Hospital.