Funsani Dokotala: Ndingawapeze kuti anzanga ofuna kusiya mowa?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 44 ndipo ndakhala ndikumwa mowa pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zoposa khumi. Ndayesa kusiya kawiri konse, koma anzanga onse ndi akumowa, moti ndikangolandira malipiro ndimapezeka ndabwerera. M'mawa manja amanjenjemera mpaka nditamwako pang'ono. Ndinamva kuti kuli magulu a anthu amene amakumana n'kumalimbikitsana kusiya mowa. Kodi ndingawapeze bwanji?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kulemba, ndipo ndiyamba ndi manja onjenjemerawo chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa kwambiri. Amenewo si matsire wamba. Thupi lanu lazolowera mowa kwambiri moti mukasiya mwadzidzidzi muli nokha kunyumba, pakangotha maola 6 mpaka 24 mukhoza kuyamba kutuluka thukuta, kumva nseru, kusowa tulo ndi kugunda mtima mofulumira. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pofika tsiku lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona tizilombo tikuyenda pakhoma kapena pabulangete pamene palibe kanthu. Vutoli limapha ngati munthu sanathandizidwe msanga. Choncho musanapite ku gulu lililonse, kayambeni mwafika kuchipatala cha boma cha kwanuko, mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Mukawauze zoona zenizeni za mowa umene mumamwa patsiku, kaya ndi kachasu, chibuku kapena wam'mabotolo, kuti akupatseni mlingo woyenera wa mankhwala monga diazepam, amene amamwedwa kwa masiku ochepa okha, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo.

Namwino yemweyo ndiye woyamba kumufunsa za gulu, chifukwa amaonana ndi anthu a vuto ngati lanuli ndipo kawirikawiri amadziwa kumene amakumana. Musaope kuti anthu akakuonani pakhomo pake adzati mwapenga. Uchidakwa ndi matenda, ndipo kumeneko ndiko amauchiza. Bungwe la St John of God, lomwe lili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, limathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo mukhozanso kufunsa kuchipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba kapena ku Queens mumzinda wa Blantyre. Abusa, ansembe kapena ashehe nawonso ndi oyenera kuwafunsa pambali, pakuti magulu oterewa amakonda kubwereka chipinda cha kutchalitchi kapena kusukulu madzulo, ndipo salengeza pachikwangwani.

Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene amuna awiri amene mowa unawasautsa, Bill Wilson ndi Bob Smith, yemwe anali dokotala wochita maopaleshoni, anaona kuti kukambirana awiriwo kumawathandiza kutha tsiku osamwa. Pamsonkhano wawo, umene nthawi zambiri umatenga ola limodzi, anthu amakhala pansi n'kumalankhula mosinthana, aliyense kutchula dzina loyamba lokha, ndipo wobwera kumene ali ndi ufulu wongomvetsera. Salipiritsa, ndipo chofunika kuti munthu alowe ndi mtima wofuna kusiya mowa basi. Ngati muli ndi foni ya intaneti, misonkhano ya AA imachitikanso pa Zoom usana ndi usiku, ngakhale kuti yambiri imakhala m'Chingerezi ndipo imadya bandulo.

Gulu lililonse limene mungapeze, kaya ndi la AA kapena lakumpingo, mukaliyese ndi maso anu. Zimene mwaulula siziyenera kumveka kumsika mawa lake, pasakhale wokulipiritsani ndalama zambiri ndi lonjezo lokuchizani kamodzin'kamodzi, ndipo wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala akuchipatala, monga ma ARV kapena a BP, musabwerereko. Komabe musaweruze ndi tsiku loyamba lokha, pitani kangapo, chifukwa manyazi a tsiku loyamba amatseka makutu.

N'kutheka kuti kwanuko gulu kulibe. Zikatero musataye mtima, pakuti AA yomwe inayamba ndi anthu awiri. Pemphani namwino uja kuti afunse wina amene akulimbana ndi vuto lomweli ngati angalole kukumana nanu, musankhe tsiku limodzi pasabata ndi malo akutali ndi komwera mowa, mupatsane manambala a foni kuti chilakolako chikakula muziimbirana musanatuluke pakhomo. Mukaterereka n'kumwanso, musabisale. Bwererani kwa mnzanuyo ndi kuchipatala sabata yomweyo.

Za tsiku lolandira malipiro, lomwe mwati ndi limene limakugwetsani, konzekeranitu lisanafike. Ikani msonkhano wanu madzulo a tsiku lomwelo, gwirizanani ndi mayi akunyumba kapena mbale wodalirika kuti mukatape ndalamazo limodzi, ndipo pobwerera mudzere njira ina yosadutsa pamene anzanu aja amakhala.