Kodi Akoreya akadakonderabe ana aamuna?

Achemwali, mwafunsa ngati makolo a ku South Korea akadakonderabe ana aamuna monga kale. Zinthu zasintha kwambiri. M'chaka cha 1990, pa atsikana 100 aliwonse pankabadwa anyamata pafupifupi 116, chifukwa mabanja ena ankachotsa pakati akadziwa kuti mwanayo ndi wamkazi, koma lero chiwerengerocho chatsikira pafupi ndi 105, monga zimakhalira mwachibadwa. Dongosolo la hoju, lomwe linkapereka umutu wa banja kwa amuna, linatha mu 2008.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti makolo ambiri tsopano amafuna mwana wamkazi poyembekezera kuti ndiye adzawaperekeze kuchipatala ndi kuwadwazika akadzakalamba, motero katundu amene kale ankasenza mkazi wa mwana wawo wachisamba wangosamukira pamutu pa mwana wawo wamkazi.