Yankho kwa alamu a ku Zóbuè pa mayina a zakumwa m'Chingerezi

Alamu, ndamva funso lomwe mwaika pagulu lathu m'mawa uno, loti madalaivala ochokera ku Zimbabwe ndi ku South Africa akumaima pa baraka yanu yogulitsirapo zakumwa akamadikira mapepala pachipata cha Zóbuè, pamalire a Mozambique ndi Malawi, koma akaitanitsa chakumwa m'Chingerezi inu mukumasowa choyankha. Ndasankha kujambula mawu m'malo molemba, kuti mumve m'mene mawuwa amatchulidwira, ndipo mukhoza kubwereza kumvetsera pamene mukudikira kuti madzi awire.

Poyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa ambiri mwa mawu amene mukuwaopawo mumawatchula tsiku lililonse. Kusukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi kuti chá, café ndi açúcar, koma kunyumba timati tiyi, khofi ndi shuga, ndipo mawu atatuwa anachokera ku Chingerezi: tea, coffee, sugar. Kapu ndi cup, botolo ndi bottle, supuni ndi spoon. Ife timawonjezera kamawu kumapeto kuti lilime liyende bwino, pomwe eni ake amadula msanga, choncho mukanena kapu n'kumeza u wakumapetoyo, mwayankhula kale Chingerezi. Achilendo enieni ndi ochepa. Madzi ndi water, mutchule ngati wota. Mkaka ndi milk. Madzi a zipatso, amene timati sumo, ndi juice, ngati jusi. Madzi oundana a m'firiji, gelo uja, ndi ice, ngati ayisi. Chotentha ndi hot, chozizira ndi cold.

Chimene chingakusokonezeni kwambiri si Chingerezi ayi, koma Chipwitikizi chimene chili kale m'mutu mwanu, pakuti pali mawu ena omveka ngati apachibale koma osiyana tanthauzo. Copo amamveka ngati cup, koma copo ndi tambula yomwera madzi kapena mowa, ndipo m'Chingerezi imeneyo ndi glass, liwu lomwe lija linatipatsa galasi. Cup ndi chávena, kapu ya chogwirira yomwera tiyi. Munthu akati "a glass of water" musamutengere galasi lodziyang'anirapo, akufuna madzi m'tambula. Café nayenso ndi wachinyengo, chifukwa m'Chingerezi liwuli limatanthauza malo odyera ndi kumwerako khofi, osati khofiyo. Ndipo kunena kuti sumo kwa munthu wa ku Harare sikungakuthandizeni, iye amadziwa juice basi.

Ine ndemwe zinandionekera m'sabata yanga yoyamba pamalo ena odyera ku Johannesburg. Ndinatenga água com gás n'kuitembenuza liwu ndi liwu, ndipo ndinafunsa mayi wina wachikulire ngati akufuna "water with gas". Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anandiphunzitsa mwaulemu kuti madzi a thovu aja ndi sparkling water, pomwe madzi wamba a m'botolo ndi still water. Kwa inu apa sipavuta kwenikweni, chifukwa madalaivala ambiri amangoti "cold water", ndipo ndi kutentha kumene amakhala atadutsamo kuchokera ku Cuchamano, kumalire ndi Zimbabwe, kudzera mumzinda wa Tete ndi Moatize, liwu lakuti cold mudzalimva kuposa ena onse.

Tsopano tiyeni pa tiyi, pakuti m'pamene pali ndalama zanu. Kasitomala akati black tea sakunena tiyi wa mtundu wina, akunena tiyi wopanda mkaka. Wothira mkaka ndi tea with milk, ndipo khofi wothira mkaka ena amamutcha white coffee, ngakhale kuti sayera. With ndiko kuti chinthucho chikhalemo, without kapena no ndiko kuti chisakhalemo, motero "no sugar" ndi lamulo loti shuga musathiremo n'komwe. Apa ndikupemphani kuti musamale, chifukwa ife tinazolowera kuthiriratu shuga m'ketulo monse, pomwe wokana shugayo mwina ali ndi matenda a shuga. Munthu akati "two sugars" akutanthauza masupuni 2 aang'ono, osati mapaketi. Strong tea ndi tiyi wa masamba ambiri, weak tea ndi uja wongoonetsa mtundu. Anthu a ku South Africa nthawi zina adzakufunsani rooibos, amene ndi tiyi wofiira wochokera ku chitsamba chomera m'mapiri a Cederberg kwawoko. Ngati mulibe, ingonenani kuti "Sorry, no rooibos", ndipo palibe amene angakhumudwe.

Zoziziritsa kukhosi sizifuna sukulu yambiri. Refresco ndi soft drink, koma a ku South Africa amakonda kunena kuti cool drink kapena cold drink, ndipo ambiri amangotchula dzina lenileni, monga Coke, Fanta kapena Frozy wathu yemweyu. Chakumwa chosungunula ndi madzi chija dzina lake ndi squash, koma m'Malawi adzati Sobo ndipo wa ku Zimbabwe adzati Mazoe, aliyense kutchula cha kwawo.

Pa thobwa ndiye ndili ndi maganizo anga. Ku Malawi ena amalitcha sweet beer, koma ine sindikulangizani kutero, chifukwa beer ndi mowa, cerveja, ndipo dalaivala amene akadali ndi ulendo wopita ku Mwanza mpaka ku Blantyre akangomva liwu limenelo adzakana, kuopa apolisi apamsewu, pomwe wopemphera adzakuonani ngati mukumuyesa. Thobwa lisiyeni ndi dzina lake. Ngati munthu sakulidziwa, muuzeni kuti likufanana ndi maheu, pakuti a ku Zimbabwe amati mahewu ndipo a ku South Africa amati mageu, kenaka muwonjezere kuti "no alcohol", kutanthauza kuti siloledzeretsa. Koma mawu amenewa muziwanena pa thobwa la tsiku lomwelo, osati lija lagona masiku atatu n'kuyamba kusasa. Dziwaninso kuti liwu lakuti drink limatanthauza kumwa ndiponso chakumwa chilichonse, koma munthu akati "I don't drink" akunena kuti samwa mowa, ndipo tiyi mukhoza kumupatsa ndithu.

Pofunsa kasitomala, chiganizo chaulemu ndi chakuti "What would you like to drink?", koma ngati chikukulemerani pakamwa, mafunso afupiafupi akukwanira: "Tea or coffee?", "Milk?", "How many sugars?" Mukamapereka kapu nenani kuti "Here you are", ndipo polandira ndalama "Thank you". Madzulo ano mukatseka baraka, mundijambulire mawu anu mukutchula water, milk, juice ndi ice, kuti ndimve pamene lilime likukodwa, chifukwa milk ndi amene amavuta ambiri a ife.